Madengu Amene Saulos Anataya pa Chilwa

Loweruka pa 12 Okutobala 1968, Saulos Namakhwa anatuluka m'mudzi umene anakwatirako, kufupi ndi doko la Kachulu, atanyamula mphasa, bulangeti ndi ukonde umene unalibenso ntchito. Anali ndi zaka 26. Anasiya mkazi wake Elenala ndi mwana wawo Fanny, amene anali asanakwanitse zaka ziwiri.

Sanabe, sanamenye munthu, sanali chidakwa. Mlandu wake unali umodzi: anali msodzi, ndipo chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inaphwa.

Inu amene simunaone, dziwani kuti sikunali kuchepa kwa madzi chabe. Pamene panali nyanja panatsala dothi long'aluka, lotuwa ndi mchere. Anthu ankayenda pansi kuchoka ku Kachulu mpaka ku chilumba cha Chisi, ena pa njinga. Mabwato anangokhala padzuwa n'kumang'ambika. Saulos analibe ngakhale bwato long'ambikalo. Kuyambira unyamata wake ankakoka khoka la anthu ena, ndipo khasu sankaligwira bwino.

Mwini mbumba pabanjapo anali a Gerishomo, amalume ake a Elenala. Sanali munthu wankhanza. Owayang'ana anali ambiri, nkhokwe inali imodzi.

"Apongozi, ife sitikukuthamangitsani ayi," anatero a Gerishomo. "Koma nkhokweyo mwaiona nokha. Kapumeni kaye kwanu. Mukadzapeza pogwira mudzabwere, mkazi wanu mudzamupeza."

Elenala sakanatha kumutsatira. Munda unali wa amayi ake, amayiwo anali odwala, ndipo Saulos analibe nyumba yoti amutengereko. Anangomuperekeza mpaka pamtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi, mwana ali kumbuyo.

"Koma ku Joni kokha musapite," anatero Elenala. "Amene amapita kumigodi amaiwala njira."

"Ndikhala poti muzimva za ine," anayankha Saulos.

Anakakhala kwa mkulu wake Edwadi, kufupi ndi Songani. Edwadi ndiye anali nkhoswe ya ukwati wake. Anamupatsa malo ogona m'khitchini, pakati pa mitondo ndi nkhuni.

Makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale, ndipo pakhomo pawo nkhanu zinali ndiwo ngati ndiwo zina. Saulos anakumbuka mmene amayi ake ankazigwirira. Nayenso analuka timiono ta nsungwi, n'kumaikamo madeya, n'kumatchera pansi pa miyala mumtsinje wa Domasi, umene sunaume chifukwa umachokera m'phiri. M'mawa ankavuula, n'kuwiritsa nkhanuzo ndi mchere mpaka zitafiira, n'kuzisenza m'beseni kupita nazo kumsika wa Songani, khadi la chipani lili m'thumba la malaya poti popanda ilo pamsika sankalola kulowa.

Anzake amene ankakoka nawo khoka akamupeza ankaima n'kumuseka.

"Taonani msodzi wa pa Chilwa! Wafika pogulitsa akangaude!"

"Akangaude omwewa mukadya ndi ana anu," ankayankha choncho, uku akukulunga m'masamba. Ambiri a iwo ankagula.

Ntchitoyo inali ndi zoopsa zake. Mu Febuluwale 1969, tsiku lina masana kulibe ndi mtambo womwe pamene iye anali, anamva mkokomo kumtunda kwa mtsinje. Mvula inali itagwa m'phiri. Anathawira pagombe madzi atamufika kale m'chiuno, ndipo miono yake yonse khumi ndi inayi inapita iye akuona. Mawa lake anakadula nsungwi zina.

Mu Juni chaka chomwecho anakweza maso pamsika n'kuona Elenala ataima patsogolo pa beseni lake. Anali atabwera ndi akazi a a Gerishomo kudzagula mchere, ndipo mayiwo anali chapatali pang'ono akutsutsana mtengo. Elenala anawerama ngati akusankha nkhanu.

"Mwawondatu," anatero motsitsa mawu.

"Mwana ali bwanji?"

"Akuthamanga tsopano. Nkhuku za agogo ake sizikupuma."

"Amandifunsa?"

Elenala anayang'ana m'beseni. Anatembenuza nkhanu imodzi, n'kuitembenuzanso.

Saulos anakulunga nkhanu zisanu zazikulu, koma Elenala anakana. Akanafika nazo kumudzi aliyense akanadziwa kumene zachokera. Anathyola imodzi n'kudyera pomwepo ali chiimire, ina anaimanga pansonga ya chitenje kuti akapatse mwana m'njira yopita kuchitsime. Kenaka mayi aja anamuitana, iye n'kupita. Saulos anamuyang'ana mpaka anasowa m'chigulu cha anthu. Chaka chonsecho sanaonanenso.

Mvula ya chaka chimenecho inabwezeretsa madzi m'nyanja, koma nsomba zinachedwa. Saulos anaona kuti zikadzabwera zidzapeza iye alibe chokwera. Mu Epulo 1970 anapita kwa mmisiri wosema mabwato m'tsinde mwa mapiri a Chikala. Anamugwirira ntchito miyezi inayi, kugwetsa mitengo ndi kukumba mkati mwake, manja mpaka kuchita matuza n'kuphulika. Malipiro ake anali thunthu limodzi. Analisema yekha mmisiriyo akumulozera, ndipo mu Ogasiti bwato linalowa m'madzi.

Sabata yomweyo anavala malaya ochapa n'kupita kwa a Gerishomo. Anamulandira pakhonde, anamupatsa mpando. Fanny anali atapita ndi amayi ake kudimba.

"Bwatolo tamva, ndipo mwachita bwino," anatero a Gerishomo. "Nanga tidya bwatolo, apongozi? Tionetseni zimene likutulutsa."

Mawu amenewo anamukhala mumtima. Muwakumbukire, chifukwa ndi amene anamulakwitsa pambuyo pake.

Chaka cha 1971 nsomba zinabwereradi. Mu Meyi Saulos anagwirizana ndi a Thomson, msodzi wa zaka makumi asanu wa ku Kachulu, amene bwato lawo linafera padzuwa nthawi ya chilala. Saulos anabweretsa bwato, a Thomson anabweretsa maukonde ndi miono. Anapita kumpoto kwa Chisi, kumene nyanja imathera m'dambo lalikulu la udzu wa njedza. Kumeneko asodzi amapinda udzuwo n'kuusanjikiza mpaka ukhale ngati bwalo loyandama, n'kumangapo kanyumba. Amati chimbowera. Amagona pomwepo, kuphika pomwepo, kuwamba nsomba pomwepo, mwezi ndi mwezi osaponda mtunda.

A Thomson ankagulitsa gawo lawo kwa amalonda amene ankabwera pa mabwato. Saulos ankangogulitsa zoti apezere ufa ndi nkhuni. Zotsala ankawamba bwinobwino n'kumaika m'madengu.

"Iwe, nsombazi ukufuna uziike m'manda mwako?" ankamufunsa a Thomson.

"Pali munthu akufuna kuona ndi maso."

Pofika pakati pa Julayi madengu anali khumi ndi limodzi, milamba yowamba ndi matemba ouma. Ankafuna akwanitse khumi ndi asanu.

Lachinayi pa 15 Julayi madzulo, wamalonda wina anabwera ndi uthenga wochokera kwa Edwadi. A Gerishomo anali ataitana ankhoswe kuti akumane Loweruka. Panali mwamuna wina, wokhala ndi munda wa mpunga ku sikimu ya Likangala, amene anafunsira Elenala. Zaka zitatu zinali pafupi kukwana, ndipo akuchikazi ankafuna kuti mwana wawo asudzulidwe. Edwadi nayenso anali atatopa ndi kuyenda milandu. Ananena kuti ngati Saulos saoneka, iye monga nkhoswe apereka chisudzulo m'malo mwake, ukwati uthe.

Mphepo ya mwera inali itaomba masiku atatu. Msodzi aliyense wa pa Chilwa amadziwa lamulo la miyezi imeneyi: ukafuna kuoloka, nyamuka kusanache, mphepo isanadzuke, ndipo bwato likhale lopepuka. A Thomson ananena zomwezo.

"Tipite ndi madengu atatu. Enawo tidzawatenga mphepo ikagona."

"Atatu akandiseka, akulu."

"Akakuseka uli moyo."

Saulos sanamve. Lachisanu m'mawa, nthawi imene akanakhala ali pakati pa ulendo, anali akusanja madengu ndi kuwamanga. Ananyamuka cha m'ma 9 koloko. Mlomo wa bwato unangotsala zala zinayi pamwamba pa madzi. A Thomson anayang'ana, anapukusa mutu, koma anakwera. Anati sangalole munthu kukafera yekha ndi maukonde awo.

Chilwa si nyanja yakuya. Bwato salipalasa, amalikankha ndi nsungwi yaitali imene imafika pansi. Koma kusazama komweko ndiko kuopsa kwake. Mphepo ikaomba, mafunde amadzuka msanga, afupiafupi, otsatizana, osapatsa bwato mpata woti likwere limodzi lisanafike lina.

Atatuluka m'dambo n'kufika poyera, mapiri a Chisi akuoneka patsogolo, mwera unakula. Unkachokera chakumanzere, mafunde n'kumamenya bwato m'mbali. Saulos anali kumbuyo ndi nsungwi, a Thomson kutsogolo akukapa madzi ndi mbale. Pofika masana madzi olowa anaposa otuluka.

Asodzi anali ndi njira yawo pa zoterezi. Mmodzi ankatsikira m'madzi, n'kuima, n'kugwira mutu wa bwato kuti uloze kumafunde, mnzake n'kumakapa. Mu 1969 ndi 1970 njira imeneyi inapulumutsa ambiri, chifukwa madzi ankalekeza m'chiuno kapena pachifuwa. Ndiponso anthu amenewa nyanjayi anali ataiyenda ndi mapazi awo, ndipo ankaona ngati akuidziwa pansi pake ngati bwalo la pakhomo.

"Ndikutsika!" anakuwa a Thomson.

"Akulu, dikirani!"

"Pano ndinadutsapo ndi njinga ine! Pali pouma ngati pamsewu!"

Analumpha. Koma nyanja imene ankaikumbukira sinali ya chaka chimenecho. Mvula ya zaka zitatu inali itakweza madzi, ndipo dothi lolimba lija linali litasanduka thope. Miyendo yawo inalowa mpaka m'mawondo, madzi n'kuwafika pachibwano. Funde loyamba linawakwirira mutu, dzanja lawo linaphonya bwato, ndipo mphepo inalikankhira kutali.

Saulos anazika nsungwi n'kukankha kuti abwerere. Bwato silinamvere. Linali lolemera, lodzaza madzi, ndipo anali yekha. Pakati pa funde ndi funde ankaona nkhope ya a Thomson itayang'ana kumwamba, kukamwa kuli yasa, kenaka n'kusowanso. Mtunda pakati pawo unkakula.

Anatenga mpeni n'kudula zingwe. Dengu loyamba analikankhira m'madzi osaliyang'ana. Lachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa lachisanu ndi chimodzi anaima pang'ono, n'kuyesanso nsungwi, poganiza kuti mwina otsalawo angapulumuke. Bwato linasuntha, koma mochedwa kwambiri. Anataya onse.

Bwato litapepuka analikankha molimbana ndi mphepo mpaka anawapitirira a Thomson, n'kukhala kumene mphepo inkachokera. Pamenepo anazika nsungwi m'thope ndi mphamvu zake zonse, anamangirirapo chingwe cha kumutu kwa bwato, n'kumachimasula pang'onopang'ono kuti mphepo yomweyo ilitsitsire kwa munthuyo.

"Gwirani kumbuyoku! Musakoke miyendo, ingogwirani!"

A Thomson anakolowekapo manja onse awiri, Saulos atawagwira malaya. Funde lililonse likanyamula bwato linkawazula pang'ono. Pa funde lachinayi kapena lachisanu thope linawasiya. Anagwera m'bwato n'kusanza madzi amchere, akunjenjemera, osatha kuyankhula.

Mozungulira monse matemba anali mbuu pamadzi, ndipo mbalame zinali zitayamba kale kutsika.

Kuoloka kunali kosatheka. Analola mphepo kuwatengera m'njedza za kumadzulo, kumene mafunde safika, ndipo anagona momwemo, onyowa, opanda moto. Loweruka m'mawa mwera unali usanaleke. Anayenda mokhotakhota m'mphepete mwa dambo, ulendo wotalika kawiri, ndipo anafika ku Kachulu cha m'ma 2 koloko masana. Saulos sanasambe. Anayamba kuyenda, a Thomson akutsimphina pambuyo pake.

Ankhoswe anali atakhala pansi kuyambira m'mawa. Atadikira mpaka dzuwa kupendeka, Edwadi anali atatulutsa kandalama kamodzi ka chisudzulo, n'kukaika m'mbale, n'kuikankhira pamphasa pamene panakhala Elenala. Chimene chinatsala chinali chakuti iye atole. Mbaleyo inali itakhala pamenepo ola lathunthu. Azakhali ake anamunong'oneza, amalume ake anatsokomola, koma Elenala anangopinda manja pamiyendo, maso ali kunjira.

Ndi mmene Saulos anawapezera. Anagwada chapatali n'kuomba m'manja. Thope linali litamuumira m'miyendo ndi m'tsitsi.

A Gerishomo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwafika, apongozi. Katundu ali kudoko?"

"Kulibe katundu."

"Zaka zitatu. Ndiye mwabwera ndi chiyani?"

Amene anayankha anali a Thomson, amene anali atangofika n'kudzigwetsa pansi pa mtengo.

"Wabwera ndi ine."

"Inu a Thomson sitingakudyeni," anatero a Gerishomo, ndipo ena anaseka.

"N'zoona, ndine mafupa okhaokha. Koma mwana wopusayu wandigula ndi madengu khumi ndi limodzi. Ndinawawerenga akulowa m'bwato, ndinamuuza kuti achuluka, sanamve. Ine ndinalumphira m'madzi ngati mwana, anandiletsa, sindinamve. Zitsiru tinali awiri. Koma akanafuna, bwenzi pano mukuona nsomba, akazi anga akumeta."

Kenaka Elenala anayankhula koyamba tsiku limenelo.

"Amalume, ndiyankhule?"

"Yankhula, nkhani ndi yako."

"Munandiuza kuti msodzi akapita sabwera, ine ndikalamba ndikudikira. Ndadikira. Uyu wabwera." Anagwira mbale ija ndi zala ziwiri n'kuikankhira kwa Edwadi. "Alamu, tengani mbale yanu. Mwina kunyumba ikufunika."

A Gerishomo anayang'ana mbale ija. Iwo anali ataona nyanjayo ikuphwa, ndipo ankadziwa kuti idzaphwanso.

"Mwana wakana, ine sindingamutolere," anatero. "Koma apongozi, mumve. Mvula ikagwa mugwire khasu ngati wina aliyense pamudzi pano. Nyanja yanuyo muziipita mukakolola. Sindifuna kudzakuperekezaninso."

"Ndamva," anatero Saulos.

Anasunga mawuwo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ankalima, ndipo chaka choyamba mizere yake inali yokhota moti akazi ankaima m'njira kuti aseke. Kuyambira Meyi ankapita kunyanja. Anabwerera kuchimbowera patangotha sabata imodzi chichitikireni ngoziyo, n'kuyambanso dengu loyamba. Mu 1974 anagula bwato lachiwiri, lamatabwa. Pofika 1978 anali ndi mabwato atatu, munda wa mpunga ndi nyumba ya malata, ndipo anthu asanu ndi atatu ankadya chifukwa cha ntchito yake. Pa mabwato ake panali malamulo awiri amene sankakambirana ndi munthu. Nthawi ya mwera bwato silinyamuka dzuwa litatuluka. Ndipo munthu satsikira m'madzi asanayeze ndi nsungwi, ngakhale atanena kuti malowo anabadwirapo. A Thomson anakhala zaka zina khumi ndi zitatu, ndipo ndi amene ankaphunzitsa lamulo lachiwirilo, akudzitchula okha ngati chitsanzo.

Koma musaganize kuti zonse zinabwerera. Loweruka lija, milandu itatha, Elenala anakatenga Fanny kwa agogo ake. Mwanayo anali ndi zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi iwiri. Atamuuza kuti awa ndi bambo ako, anayang'ana munthu wathopeyo n'kubisala kuseri kwa chitenje cha amayi ake. Saulos anatambasula manja, mwana analira. Anawabweza manjawo.

Miyezi inapita akukhala nyumba imodzi. Mwanayo ankamupatsa madzi atagwada, monga amachitira kwa mlendo. Akafuna kunena za iye ankati "aja". Saulos sanamukakamize. Ankadziwa kuti sanaone tsiku limene mwanayo anayamba kuthamanga, sanamve nyimbo yake yoyamba, sanamunyamule pamene anadwala chikuku. Zimenezo panalibe bwato limene likanakazitenga. Mpaka ukalamba wake, akaona bambo atanyamula mwana wa zaka zitatu paphewa, ankasiya zimene akuchita n'kumayang'ana.

Lachitatu pa 24 Novembala 1971, ali kumunda akulimbana ndi mizere yake yokhota ija, anamva kamawu kumbuyo kwake.

"Ababa, amayi akuti mubwere mudzamwe thobwa."

Sanacheuke msanga. Anapitiriza kugwira khasu mpaka nkhope yake itakhala bwino, kenaka anatembenuka n'kunena kuti, "Tiye, tsogola."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli kutali ndi anthu anu chifukwa manja anu alibe kanthu. Mwina mukugona m'khitchini mwa m'bale wanu, mukugulitsa zimene anzanu akuseka, ndipo mukudziuza kuti mudzabwerera tsiku limene mudzakhale ndi zokwanira kuonetsa. Gwirani ntchitoyo, ngakhale ikhale ya nkhanu. Madzi akakokolola miono, lukaninso. Koma musadikire kuti madengu akwane khumi ndi asanu, chifukwa masiku amene mukuwerenga katundu, kwanuko mwana akukula. Saulos anafika wopanda kanthu, mochedwa, ali thope lokhalokha, ndipo anapeza munthu atapinda manja pamiyendo, akukana kutola mbale.

Mtima wanu usagwe. Nyamukani kusanache, ndipo mukafike.